Argentina si Messi yekha: ndale za dzikoli kuyambira 1816 mpaka kwa Milei

Ambirife Argentina timaidziwira pa mpira, Maradona, Messi, jezi ya mizere yoyera ndi yabuluu basi. Koma kuyambira kumapeto kwa 2023 dzikoli lakhala likumveka pa nkhani zina. Mkulu wina wa tsitsi losapesa, Javier Milei, yemwe pa kampeni ankanyamula makina ochekera mitengo n'kumati adula boma nawo, anawina upulezidenti ndipo atangolumbira sipanathe masiku atatu ndalama yawo ya peso inagwetsedwa mphamvu kupitirira theka. Nthawi imeneyo ife bala la 44 peresenti ya kwacha ya mu Novembala lisanapole n'komwe, ndiye nkhaniyi inamveka ngati yapakhomo. Chomwe chimasokoneza anthu n'chakuti zaka 100 zapitazo Argentina inali m'gulu la mayiko khumi olemera kwambiri pa dziko lonse, ng'ombe zake mpaka lero n'zambiri kuposa anthu, nanga zinatheka bwanji kuti likhale dziko lomwe lili ndi ngongole yayikulu kwambiri ku IMF? Yankho lili mu ndale zake, ndipo mukaziyang'anitsitsa mupeza kuti mkangano ndi umodzi womwewo, umangosintha zovala: ndani adye ndalama zomwe nthaka ya dzikoli imabweretsa kuchokera kunja.

Ufulu unabwera koma dziko panalibe

Dera lonseli linali m'manja mwa Spain. Pa 25 Meyi 1810 akuluakulu a mu mzinda wa Buenos Aires anachotsa nthumwi ya mfumu ya ku Spain, ndipo pa 9 Julaye 1816 nthumwi za zigawo zinakumana ku Tucumán n'kulengeza ufulu. José de San Martín anawoloka mapiri a Andes ndi asilikali ake mu 1817 kukamasula Chile kenako Peru, n'chifukwa chake kumeneko amamulemekeza ngati tate wa dziko.

Atsamunda atachoka eniake anayamba kuphana okhaokha kwa zaka pafupifupi 50. Vuto linali doko. Katundu wolowa ndi wotuluka ankadutsa pa Buenos Aires ndiye msonkho wonse unkatsalira pomwepo, zigawo za kumtunda zili manja lende. Panabadwa magulu awiri, a Unitarios omwe ankafuna boma limodzi lamphamvu lolamulira kuchokera ku Buenos Aires, ndi a Federales omwe ankati chigawo chilichonse chizidziyendetsa chokha. Ku zigawoko kunali anthu otchedwa caudillo, kutanthauza mwinimalo wolemera wokhala ndi gulu lake la okwera pa akavalo, yemwe anthu amamutsatira chifukwa cha iye mwini osati chifukwa cha lamulo kapena mfundo za chipani. Wotchuka kwambiri anali Juan Manuel de Rosas, yemwe analamulira Buenos Aires kuyambira 1829 mpaka 1852 kupatula zaka zochepa pakati. Ankakakamiza aliyense kuvala kansalu kofiira posonyeza kuti ali mbali yake, otsutsa ankadulidwa makosi, ndipo chosekesa n'chakuti ankadzitcha wa Federales koma ndalama za padoko sankagawana ndi zigawo zinzake. Anagonja pa nkhondo ya ku Caseros mu 1852 n'kuthawira ku England. Malamulo oyendetsera dziko analembedwa mu 1853, koma Buenos Aires inanyanyala kwa zaka zingapo, nkhaniyi inadzatha mu 1880 mzindawu utasandutsidwa likulu la dziko lonse.

Ngongole nayo inayamba kalekale, mu 1824 anakongola mapaundi 1 miliyoni ku banki ya Baring ya ku London ndipo pofika 1827 anali atalephera kale kubweza. Aka kanali koyamba, pano zafika ka 9.

Nthaka yambiri, eniake ochepa

Pakati pa 1878 ndi 1885 asilikali otsogozedwa ndi Julio Argentino Roca analanda madera akumwera kwa eni nthaka enieni monga a Mapuche ndi a Tehuelche, ambiri anaphedwa ena anagawidwa ngati antchito. Malowo anathera m'manja mwa mabanja ochepa, munthu mmodzi kukhala ndi malo oti simungawazungulire wapansi tsiku limodzi. Angelezi anamanga njanji, sitima zokhala ndi mafiriji zinayamba kunyamula nyama kupita ku Britain, tirigu naye yemweyo. Anthu mamiliyoni anabwera kuchokera ku Italy ndi Spain kudzasaka ntchito moti pa kalembera wa 1914 pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse anali wobadwira kunja. N'chifukwa chake mayina ngati Messi, Di María ndi Milei yemweyo amamveka Chitaliyana.

Kulemera kunalipodi koma kunali kwa eni ng'ombe, ndipo zisankho ankazikonza okha. Lamulo la 1912 ndi lomwe linabweretsa voti yachinsinsi komanso yokakamiza kwa amuna onse omwe anali nzika, mu 1916 Hipólito Yrigoyen wa chipani cha Radical anawina ndi mavoti a anthu wamba a m'tauni. Kenako chuma cha dziko lonse lapansi chinagwa mu 1929, mitengo ya nyama ndi tirigu inatsika, ndipo pa 6 Sepitembala 1930 asilikali anamuchotsa. Apa m'pamene panayambira chizolowezi choipa. Asilikali analanda boma mu 1930, 1943, 1955, 1962, 1966 ndi 1976, kasanu n'kamodzi m'zaka 46.

Perón: dzina lomwe simungalizembe

Pa gulu lomwe linalanda boma mu 1943 panali msilikali wina, Juan Domingo Perón, yemwe anatenga udindo womwe anzake ankauona ngati wachabechabe, woyang'anira za antchito. Iye anaona zomwe ena sanaone, kuti m'mafakitale a mu Buenos Aires mwadzaza anthu ochokera kumidzi omwe panalibe wandale ankawalabadira. Anayamba kukweza malipiro, kukhazikitsa tchuthi cholipidwa, penshoni, makhoti a nkhani za ntchito, n'kumakhala mbali ya mabungwe a antchito akamakangana ndi mabwana. Anzake atachita naye mantha anamumanga mu Okutobala 1945, koma pa 17 mwezi womwewo chikhamu cha antchito chinakhamukira pa bwalo la Plaza de Mayo kutsogolo kwa nyumba ya boma, ena atatopa n'kuyenda anaviika mapazi m'madzi a pa kasupe wokongoletsera bwalolo, anthu olemera a mu mzindawo kuona ngati mwano waukulu. Usiku womwewo Perón anamasulidwa n'kuyankhula nawo ali pakhonde la nyumba ya boma. Mu Febuluwale 1946 anawina zisankho.

Mkazi wake Eva, yemwe ankangomutcha Evita, anakulira mu umphawi ndipo ankayankhula ngati mmodzi wa iwo. Ankagawa makina osokera, nsapato, mankhwala, anamanga zipatala kudzera mu bungwe lake, analimbikira kuti amayi azivota ndipo lamulolo linadutsa mu 1947. Anamwalira ndi khansa mu 1952 ali ndi zaka 33 zokha.

Ndalama zochitira zonsezi zinkachokera kuti? Boma linakhazikitsa bungwe la IAPI lomwe linkagula tirigu ndi nyama kwa alimi pa mtengo wotsika n'kukagulitsa kunja modula, phindu n'kupita ku mafakitale, ku malipiro ndi kogulira makampani monga njanji ya Angelezi yomwe boma linatenga mu 1948. Amene akukumbukira ADMARC ya nthawi ya Kamuzu amva msanga momwe zinkayendera, kungoti kwathu wofinyidwa anali mlimi wamng'ono pomwe maesiteti ankapuma bwino, pamene ku Argentina ofinyidwa anali eni minda ikuluikulu aja ndipo opindula anali antchito a m'tauni.

Peronism ndiye kutsatira Perón kumeneku, ndipo musavutike kuiika kumanzere (mbali yokomera antchito ndi osauka) kapena kumanja (mbali yokomera eni chuma ndi miyambo yakale) chifukwa siikwana. Muli mabungwe a antchito, muli abwanamkubwa a zigawo osafuna kusintha kalikonse, munali achinyamata ofuna sosholizimu, munalinso okonda ulamuliro wa nkhonya. Owukonda amati ndi nthawi yoyamba wantchito anaonedwa ngati munthu. Odana nawo amakumbutsa kuti Perón analanda nyuzipepala ya La Prensa mu 1951, anatsekera otsutsa m'ndende, ndipo anaphunzitsa dziko kudya zomwe silinakolole. Zonse ziwirizi zinachitikadi.

Momwe vutoli limabwererera

Apa ndi pofunika kumvetsa chifukwa zabwerezedwa kambirimbiri. Madola a Argentina amachokera kumunda, kale nyama ndi tirigu, pano soya ndi chimanga. Mafakitale ake amagulitsa kwambiri m'dziko momwemo koma makina ndi zipangizo amagula kunja ndi madola. Ndiye boma likakweza malipiro anthu amagula zambiri, mafakitale amafuna madola ambiri, nyama yomwe ikanapita kunja imadyedwa pakhomo, alimi nawo poona msonkho wakwera amachepetsa kulima. Madola amatha. Boma limagwetsa peso kuti alimi agulitse kunja, mitengo ya zakudya imakwera, antchito amanyanyala ntchito kufuna malipiro ena, boma posowa ndalama limasindikiza zina, mitengo imakweranso. Kenako kumabwera boma lina lomwe limati titsegule zonse, tikongole kunja, zinthu zimaoneka bwino zaka ziwiri zitatu mpaka ngongole ija itakula n'kulephera kubweza. Kuyambira 1970 dzikoli lasintha ndalama kanayi n'kufufuta maziro 13, ndiye musadabwe kuti munthu wa ku Argentina akapeza kangachepe amathamangira kugula madola n'kukawabisa pansi pa matiresi, nyumba zimagulitsidwanso m'madola.

Zaka 18 Perón ali woletsedwa pa ndale

Mu Juni 1955 ndege za asilikali a dziko lomwelo zinaponya mabomba pa Plaza de Mayo pofuna kupha Perón, anthu oposa 300 anafa, ndipo mu Sepitembala anamuchotsa n'kuthawa, anadzakhazikika ku Madrid. Boma latsopano linaletsa chipani chake, linaletsa ngakhale kutchula dzina lake pagulu. Mtembo wa Evita anauba n'kukauika m'manda ku Milan pa dzina labodza. Koma mungaletse bwanji chipani chomwe chili ndi anthu ochuluka kuposa zonse? Apulezidenti Arturo Frondizi ndi Arturo Illia anawina zisankho zomwe a Perón sanaloledwe kupikisana nawo, ndipo onse awiri asilikali anawachotsa. Achinyamata ena anataya chikhulupiriro mwa voti n'kutenga mfuti, gulu la Montoneros lomwe linkadzitcha la Perón ndi la ERP lomwe linali la chikomyunizimu, kuba anthu, kuphulitsa mabomba, kupha asilikali ndi apolisi.

Perón anabwerera mu Juni 1973 ali nkhalamba, tsiku lomwelo omutsatira a kumanja anawombera omutsatira a kumanzere pafupi ndi bwalo la ndege la Ezeiza. Anawina ndi mavoti pafupifupi 62 peresenti koma anamwalira pa 1 Julaye 1974, mpando n'kutsalira mkazi wake wachitatu Isabel yemwe anali wachiwiri wake ndipo ndale sankazidziwa. Gulu lachiwembu la Triple A lomwe linkayendetsedwa ndi nduna yake José López Rega linayamba kupha anthu a kumanzere poyera.

1976 mpaka 1983

Pa 24 Malichi 1976 asilikali otsogozedwa ndi Jorge Rafael Videla analanda boma, ndipo ulamuliro uwu unaposa onse am'mbuyo pa nkhanza. Sankamanga anthu n'kuwatengera kukhoti ayi. Galimoto yopanda nambala inkafika usiku, munthu kumuveka chinsalu kumutu, basi osaonekanso. Abale akapita kupolisi ankauzidwa kuti sitikumudziwa. Anthu amenewa amatchedwa desaparecidos, kutanthauza osowetsedwa, ndipo sanali a zigawenga okha, munali atsogoleri a antchito, ana asukulu, maloya, atolankhani, ansembe ndi masisitere. Ena ankawabaya jakisoni wogonetsa n'kuwaponya m'nyanja kuchokera mu ndege ali amoyo. Amayi oyembekezera ankawasunga mpaka abereke, mwana n'kupatsidwa kwa mabanja a asilikali kapena anzawo, mayi n'kuphedwa. Malo amodzi ozunzirako anthu, sukulu ya asilikali apamadzi ya ESMA, anali kamtunda kochepa kuchokera pa sitediyamu yomwe Argentina inanyamulira chikho cha dziko lonse mu 1978.

Omwe anayamba kulimba mtima anali azimayi. Pa 30 Epulo 1977 amayi 14 anasonkhana pa Plaza de Mayo kufunsa komwe kuli ana awo. Misonkhano inali yoletsedwa ndiye apolisi anawauza kuti asaime, aziyenda, iwo n'kuyamba kuyenda mozungulira bwalolo awiriawiri, ndipo unakhala mwambo wa Lachinayi lililonse. Kumutu ankamanga matewera oyera a ana awo kuti azidziwana, pambuyo pake anasanduka mipango yoyera yolembedwa mayina. Ena mwa omwe anayambitsa gululi nawonso anasowetsedwa chaka chomwecho. Komiti yomwe inafufuza mu 1984 inalemba mayina 8,961, mabungwe omenyera ufulu amati chiwerengero chenicheni ndi 30,000, ndipo nambala imeneyi mpaka lero ndi nkhani yandale, Milei ndi anzake amaitsutsa. Agogo a ana obedwa aja akhala akuwasaka pogwiritsa ntchito DNA ndipo apeza oposa 130, ena mwa iwo anthu akuluakulu omwe anakula osadziwa kuti amene amamutcha bambo anali mbali ya omwe anapha makolo awo.

Chuma chitawavuta, asilikali anafuna chowabweretsera anthu pamodzi. Pa 2 Epulo 1982 mtsogoleri wawo panthawiyo Leopoldo Galtieri analanda zilumba za Malvinas, zomwe Angelezi amazitcha Falklands ndipo akhala akuzilamulira kuyambira 1833. Nduna yayikulu ya Britain Margaret Thatcher anatumiza sitima zankhondo, pa 14 Juni Argentina inagonja itataya asilikali 649, Britain 255. Ndiye mukamaona momwe amasangalalira ndi zigoli ziwiri za Maradona zomwe anachinya England mu 1986, nkhani yake ndi imeneyi.

Voti inakhazikika, peso inakana

Raúl Alfonsín wa chipani cha Radical analowa pa 10 Disembala 1983 ndipo anachita chinthu chomwe mayiko oyandikana nawo sanayerekeze, mu 1985 akuluakulu a asilikali anazengedwa mlandu m'khoti wamba, Videla n'kugamulidwa moyo wonse m'ndende. Asilikali ena ataukira, anakhazikitsa malamulo oteteza a maudindo apansi. Chinamugwetsa ndi mitengo, mu 1989 inakwera ndi 3,000 peresenti, m'masitolo mtengo kusintha m'mawa ndi madzulo, anatula pansi udindo miyezi isanu nthawi yake isanakwane.

Carlos Menem, yemwe analowa m'malo mwake, anali wa chipani cha Perón koma anachita zosemphana ndi Perón, anagulitsa njanji, matelefoni, kampani ya ndege ndi ya mafuta ya YPF, anakhululukira Videla. Mu 1991 nduna yake Domingo Cavallo inamanga ndalama yawo ku dola, kenako peso imodzi kukhala dola imodzi mwalamulo. Mitengo inaima, anthu anasangalala, koma katundu wa Argentina anadula kunja, mafakitale anatsekedwa, ulova unakula ndipo boma linkangokongola. Zinaphulikira m'manja mwa Fernando de la Rúa, pulezidenti yemwe anabwera pambuyo pa Menem. Mu Disembala 2001 boma linalamula kuti munthu asatape ndalama zoposa 250 peso pa sabata ku akaunti yake yomwe, anthu anazitcha corralito, kakhola. Anthu apakati omwe sankadziwika ndi zionetsero anatuluka usiku akumenya mapoto ndi zikombe, ena akuphwanya zitseko za mabanki ndi hamala, mfuu ili yakuti onse achoke. Anthu 39 anafa, De la Rúa anathawa pa helikopita kuchokera padenga la nyumba ya boma, m'masabata awiri dziko linaona apulezidenti asanu ndipo linalengeza kuti silibweza ngongole ya madola pafupifupi 100 biliyoni. Chofunika kuchiona apa n'chakuti pa chipwirikiti chonsechi asilikali sanatuluke m'mabalaki.

A Kirchner, Macri, kenako Milei

Néstor Kirchner, wa Perón wa kumanzere, analowa mu 2003 nthawi yomwe China inkagula soya pa mtengo wabwino. Chuma chinakula, anabweza ngongole yonse ya IMF kamodzi mu 2006, milandu ya asilikali inatsegulidwanso ndipo Videla anafera m'ndende mu 2013. Mkazi wake Cristina analamulira kuyambira 2007 mpaka 2015, anakhazikitsa ndalama yothandizira ana a mabanja osauka, anabweza YPF m'manja mwa boma, koma mu 2008 anakangana ndi alimi kwa miyezi pa msonkho wa soya, mkangano wa IAPI uja utabweranso. Madola atayamba kusowa analetsa kuwagula momasuka, pamenepo dólar blue, mtengo wa dola wa kwa osintha ndalama mumsewu, unakhala womwe aliyense amauyang'ana. Boma lake linkanenedwanso kuti likuphika ziwerengero za kukwera kwa mitengo. Dziko linagawikana pawiri moti mabanja ena anasiya kukamba ndale patebulo, iwo amati la grieta, mng'alu. Cristina anapezeka wolakwa pa mlandu wa katangale wa makontirakiti a misewu, mu Juni 2025 khoti lalikulu linavomereza zaka zisanu n'chimodzi ndipo akugwira ukaidi wake kunyumba, omutsatira amati n'chiwembu cha ndale.

Mauricio Macri anabwera mu 2015 ndi lonjezo lotsegula chuma, anathera ku IMF mu 2018 komwe anagwirizana za madola 57 biliyoni, ngongole yayikulu kwambiri yomwe bungweli linaperekapo. Ngakhale zinali choncho anakhala pulezidenti woyamba wosankhidwa wosakhala wa Perón kumaliza nthawi yake chiyambire Peronism. Achipani cha Perón anabwerera m'boma ndi Alberto Fernández mu 2019, kunabwera Covid, chilala, ndipo chaka cha 2023 chinatha mitengo itakwera ndi 211 peresenti.

Ndiye Milei sanagwe kumwamba, anthu anali atayesa mbali zonse ziwiri. Katswiri wa zachuma ameneyu anatchukira pa TV akutukwana andale onse kuti ndi gulu la odyera limodzi, ndipo pa 19 Novembala 2023 anagonjetsa Sergio Massa ndi mavoti pafupifupi 56 peresenti, Massayo ndiye anali nduna ya zachuma. Anachepetsa maunduna, anaimitsa ntchito zomanga za boma, anachotsa ntchito anthu masauzande ambiri a m'boma, anadula sabuside ya magetsi ndi mayendedwe. Omuyamikira amaloza kuti mitengo yomwe inakwera ndi 25 peresenti mwezi umodzi wokha wa Disembala 2023 inatsika kufika pa 2 kapena 3 peresenti pa mwezi, ndipo boma linasiya kuwononga zoposa zomwe limatolera. Omutsutsa amaloza agogo a penshoni omwe amachita zionetsero Lachitatu lililonse kunja kwa nyumba ya malamulo, mayunivesite ndi zipatala zosowa ndalama, komanso kuti umphawi unafika 52.9 peresenti m'miyezi isanu n'umodzi yoyamba ya 2024, ngakhale unatsika kufika 38.1 kumapeto kwa chakacho. Lonjezo lake lotaya peso n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola, komanso lotseka banki yayikulu, analiika kaye pambali. Mu Epulo 2025 nayenso anasainira ngongole ina ku IMF ya madola 20 biliyoni, ndipo mu Okutobala chipani chake cha La Libertad Avanza chinatsogola pa zisankho za aphungu. Zisankho za pulezidenti zikubwera mu 2027, malamulo akumulola kuimanso kamodzi.